Mtengo ukadwala pa yadi ya mwini, ndani anganene kuti udulidwe?

Mai wa ku Kapata: Mwauka bwanji nonse pa gulu. Ndili ndi funso kwa amene adziwa malamulo a khonsolo. Aneba athu ali ndi mtengo wa mango waukulu uja wakalekale, mbali imodzi inauma kale, pansi pa thunthu pamera bowa wolimba uja wosadyeka ndipo ukagogoda umachita kumva kuti mkati mulibe kanthu. Nthambi yaikulu yapendekera pa malata athu, chipinda chomwe agona ana. Takamba nawo mwaulemu koma akuti mtengo anabzala ndi malemu atate awo sungadulidwe. Mvula ndi iyi ili pafupi. Kodi khonsolo ingawakakamize kapena tingokhala chete?

Wa Njinga: Amai ingodikirani apite ku tchalitchi pa Sande, ine ndibwera ndi anyamata awiri ndi sowo, akamabwera apeza nkhuni zili zoyalayala kkkk

Admini: Iwe Wa Njinga usaphunzitse anthu milandu pano. Kulowa pa yadi ya mwini popanda chilolezo ndi nkhani ya ku polisi imeneyo.

Wa Njinga: Ndaseka chabe a Admini, pepani

Aphunzitsi Opuma: Amai, mwachita bwino kufunsa musanagwire nkhwangwa. Njira yake yambani ndi a tcheyamani a m'dera lanu kapena akhansala, abwere aone ndi maso awo, chifukwa munthu wokana mnzake wapafupi nthawi zambiri amamvera akabwera wachitatu. Zikakanika lembani kalata kwa a Town Clerk, mufotokoze kuti mtengo uli pa poloti iti, wapendekera kuti, muikepo ndi zithunzi. Lembani makope awiri, imodzi isiyeni, inayo akudindireni chidindo cha tsiku mubwere nayo kunyumba. Zokamba pakamwa zimaiwalika koma pepala la chidindo silikana. Lamulo la Local Government Act la 2019 ndi limene lipatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo a m'tauni, ndiye nkhani ya chinthu choopseza miyoyo ya anthu m'komboni ndi kwawo kumeneko.

Landilodi wa ku Kalongwezi: Ine apa ndiye sindigwirizana nazo. Poloti ndinagula ndi ndalama zanga, ma reti ndilipira, mtengo ndinathirira ndekha nthawi ya chilala, lero munthu wa ofesi abwere andiuze kuti dula? Akadzatero mawa adzandiuzanso mtundu wa penti wopaka nyumba yanga. Neba akaona kuti nthambi yalowa kwake adule nthambiyo basi, thunthu asiye.

Mai wa ku Kapata: Atate vuto si nthambi chabe, ndi thunthu lomwe lawola. Tikadula nthambi mtengo wonse ungagwebe.

Wazaulimi: Ndiloleni ndiikepo mawu, ntchito yanga ndi ya ulangizi ndipo mafunso otere ndimakumana nawo kawirikawiri. Anthu timaphatikiza zinthu zosiyana pansi pa mawu oti mtengo wadwala. Wa amai a ku Kapata ndi mtengo woopsa, nkhani yake ndi yoti ungagwere anthu. Bowa wolimba uja akamaonekera kunja pa tsinde ndiye kuti mkati ndi ku mizu anayamba kudya kalekale, zimene muona kunjazo ndi zomaliza, ndipo palibe mankhwala mu shopu ya agro iliyonse obwezeretsa thabwa lowola. Chiswe chimene anthu amachinamizira chija nthawi zambiri chimabwera pambuyo, chapeza pofewa kale. Mtengo wotere umatha kukhala ndi masamba obiriwira mbali imodzi, mwini nkumati uli moyo, koma mphepo ya mvula yoyamba ija ya mu Novembala ikaomba nthaka itanyowa umazuka wonse. Pamenepo palibe zokambirana zambiri, uyenera kutsika, ndipo chitsa chake muchizule, musathamangire kubzala wina pa dzenje lomwelo. Koma mango ambiri amene anthu amabwera nawo kwa ine ati adwala sayenera kudulidwa olo pang'ono. Madontho akuda pa zipatso nthawi ya mvula, maluwa kuda nkuyoyoka, kapena ufa woyera uja pa maluwa mu Julayi ndi Ogasiti, zimenezo ndi za kuphungula nthambi kuti mphepo ndi dzuwa zilowe mkati, kusesa zogwa pansi, ndi kupopera ngati mungakwanitse. Munthu kudula mtengo wa zaka makumi chifukwa cha madontho ine zimandipweteka mtima.

Kalipentala wa ku Mchini: Zoona a Wazaulimi. Ine anthu amandiitana ati bwerani mugule mtengo wadwala, ndikafika ndipeza mtengo wabwinobwino, vuto ndi loti sanaudulirepo nthambi chibzalire. Koma ena ukangolowetsa tcheniso umaona ufa wakuda ukutuluka, mkati muli mphako yoti mwana angabisalemo.

Amake Mapasa: Nanga mphutsi za m'mango? Chaka chatha athu onse anali ndi mphutsi, kunja kokongola ukasenda mkati zili nyakanyaka, ana anasiya ndi kudya komwe. Amuna anga akuti tingoudula.

Wazaulimi: Asadule amai, mtengo ulibe mlandu. Ndi ntchentche ya zipatso imeneyo, imaboola khungu nkuikira mazira mkati, mango akagwa mphutsi zimalowa m'dothi nkutulukamo zili ntchentche zatsopano. Mtundu wovutitsa kwambiri unachokera ku Asia, muno mu Africa unayamba kuoneka ku Kenya mu 2003 kenako unafalikira ponseponse. Chochita ndi kutola mango onse ogwa tsiku ndi tsiku, kuwakwirira m'dzenje lakuya kapena kuwamanga mu pulasitiki yakuda yosabooka nkuika pa dzuwa. Koma apa ndi pamene a Landilodi ndifuna amvetse, inu mungatole anu onse yadi nkukhala mbee, neba akasiya ake akuwolera pansi ntchentche siona wolofensi.

Landilodi wa ku Kalongwezi: Ndiye mufuna khonsolo izibwera kudzawerenga mango ogwa pa yadi panga? Kkkk abale

Wazaulimi: Ai atate, za mango ogwa ndi za kumvana pa chineba, sizifuna yunifomu. Pofunika lamulo ndi pa matenda opanda mankhwala amene amadumpha kuchoka pa mtengo wanu kupita kwa anzanu. Alipo, ndipo ena tili nawo pafupi.

Mlamu wa ku Mchinji: Ine ndili tsidya lino la Mwami, mundilole alamu anga ndikuuzeni za nthochi ngakhale ena anena kuti nthochi si mtengo. Kuno kwathu matenda a chisaka anatha nthochi ku Thyolo, Mulanje ndi ku Nkhata Bay, madera amene kale malole ankachita kudzaza mikoko kupita ku Blantyre ndi Lilongwe. Nthochi ikagwidwa masamba amatuluka ang'onoang'ono oimirira, othinana pamwamba, siberekanso. A boma anauza anthu kuti zulani phata lonse mubzale mbeu yoyera, ambiri anakana ati tidya chani podikira, wina akazula neba wake osazula, nsabwe za pa nthochi zimanyamula matenda nkubwerera nawo pa mbeu yatsopano. Mapeto ake tinayamba kudya nthochi zochokera ku Tanzania ndi Mozambique, dziko loti linali ndi nthochi zake. Ndiye a Landilodi mukamati yadi ndi yanga, ifenso tinkatero.

Wa Njinga: Eee ndiye zikafika ku Nyimba tizigula chani pa basi popita ku Lusaka

Mlamu wa ku Mchinji: Chaona mnzako chapita alamu, mawa chili kwa iwe. Chimene ndingapemphe ndi choti musamatenge ana a nthochi kwa achibale kuno kukabzala kwanuko chifukwa choti ndi aulele. Mwana wa nthochi amatha kuoneka wabwino koma matenda ali kale mkati.

Wazaulimi: Alamu akamba zoona. Matenda amenewo ndi kachilombo ka vairasi, konyamulidwa ndi nsabwe zakuda zimene zimabisala m'mikwamba ya masamba, ndipo muno mu Zambia anapezekamo kale. Pozula muyambe mwapha nsabwezo, olo ndi madzi a sopo, chifukwa mukangogwetsa zimabalalika kupita pa zina. Za kudutsa ndi mbande pa boda, pali a Plant Quarantine amene ntchito yawo ndi yomweyo, mbeu ndi zomera zolowa m'dziko zifunika pepala lawo. Vuto lathu kuno ndi tinjira ta kumbali, munthu wapita ku maliro ku Mchinji abwerako ndi mbande zitatu pa keriya ya njinga, saona ngati walakwa kanthu.

Sisi wa pa Saturday Market: Nanga malalanje? Kwathu ku Moth mtengo wa malalanje ndi wa nachesi yonse masamba achita chikasu, zipatso zing'onozing'ono zopotoka mbali imodzi, zowawa, kumunsi sizipsa zimangokhala zobiriwira. Tathira feteleza tathira manyowa palibe chosintha. Amai anga akuti wina anathira mchere usiku chifukwa cha nsanje.

Wa Njinga: Nkhani ya mchere ija yabwera kkkkk, ku Chipata mtengo sumafa wokha

Wazaulimi: Asisi tengani tsamba limodzi muliyang'ane bwino. Ngati chikasu chili chofanana mbali zonse ziwiri za msempha wapakati, kawirikawiri ndi njala ya m'nthaka, imeneyo ichiritsika. Koma ngati chili mawangamawanga, mbali iyi yosiyana ndi inayo, kuonjezapo zipatso zopotoka zimene mwanenazo, mukadula pakati mupeza njere zakuda zofota, pamenepo ndiopa matenda aja azungu amati greening. Onaninso ngati masamba anthete ali ndi timatuza totukuka pamwamba, chimenecho ndi chizindikiro cha kachilombo kouluka kamene kamawanyamula. Amenewa alibe mankhwala, mtengo umangofookerafookera uku ukupatsira ina. Koma musadule chifukwa cha mawu anga a pa foni. Ikani masamba ndi zipatso ziwiri mu pepala mupite nazo kwa a camp officer, alangizi a zaulimi a m'dera lanu, kapena ku ofesi ya zaulimi, akaona kuti nzovuta adziwa kotumiza, tili ndi Msekera pompano pafupi, siteshoni ya kafukufuku ya ZARI, bungwe la boma lofufuza zaulimi.

Sisi wa pa Saturday Market: Zikomo, timatuza timeneto tilipo ndithu ndinkayesa ndi mmene masamba a nachesi amakhalira

Aphunzitsi Opuma: Pa malalanje pomwepa pali nkhani ya ku America imene a Landilodi ingawakondweretse, chifukwa ionetsa kuti nalo lamulo likapitirira muyeso limapweteka. Ku Florida, kumene kuli minda yaikulu ya malalanje, kunabuka matenda ena otchedwa citrus canker. Boma la kumeneko kuyambira mu 2000 linaika lamulo loti mtengo umodzi ukapezeka ndi matenda, mitengo yonse ya mtundu wa malalanje yomwe ili mkati mwa mafiti 1,900, ndiye kuti pafupifupi mamita 580 kuzungulira, idulidwe, yodwala ndi yosadwala yomwe, olo ili kuseri kwa nyumba ya munthu. Taganizani mtunda umenewo m'komboni ngati Nabvutika, ndi nyumba zingati. Anthu anakwiya, anapita kukhoti, ndipo makhoti anagamula kuti eni mitengo yosadwala ija alipidwe. Mu 2006 pulogalamu yonse anaisiya chifukwa mphepo zamkuntho zinali zitamwaza kale matenda ponseponse. Ndiye ine maganizo anga ndi oti lamulo likhalepo, koma lisayambe ndi nkhwangwa. Liyambe ndi munthu wodziwa kudzaona ndi kulemba kuti ndi matenda akuti, mwini apatsidwe notisi ndi masiku, akhale ndi kokadandaula ngati sakhutira, kudula kubwere pamapeto.

Landilodi wa ku Kalongwezi: Apo aphunzitsi mwayamba kukamba. Nanga chipukuta misozi? Kotapela wanga mmodzi amandipatsa ndalama ya ma yuniti a malaiti miyezi ingapo. Mukadula mundipatsa chani?

Aphunzitsi Opuma: Mtengo wodwala kale matenda osachiritsika, atate, phindu lake latha kale, mukungochedwa kuvomera. Koma mbande yoyera yobwezera ndiye ndingavomereze, ndiponso thandizo podula, chifukwa agogo okhala okha sangapeze ndalama ya tcheniso. Lamulo longolamula osathandiza anthu amalibisira mitengo.

Kalipentala wa ku Mchini: Ndalama ya kudula ndi imene anthu saiganizira. Mtengo uli pakati pa nyumba sugwetsedwa kamodzi, munthu akwere ndi zingwe atsitse nthambi imodziimodzi, ndi ntchito ya tsiku lonse anthu atatu kapena anayi, mafuta a tcheniso pa okha. Ndipo wowola ndiye woopsa kukwera, nthambi imathyoka uli pomwepo. Ine wowola kwambiri ndimakana ngati palibe mtengo wina pafupi womangirirapo chingwe. Amai a ku Kapata mwina aneba anuwo si za malemu chabe ai, mwina ndi thumba, munthu amachita manyazi kunena kuti ndilibe.

Mai wa ku Kapata: Mwina ndi zoona zimenezo, bambo wake ntchito inatha chaka chatha. Ndikamba ndi amuna anga ngati tingagawane ndalama ya kudula, nkhuni atenge okha. Ndi bwino kutaya pang'ono kusiyana ndi kugula malata atsopano.

Kalipentala wa ku Mchini: Ndipo ngati pali chigawo cha thunthu chosawola muwauze ndingawapangireko kampando, akhale ndi chokumbukira atate awo. Mango thabwa lake si loipa likauma bwino.

Wa ku Joni: Moni kwanuko, ine ndili ku Johannesburg ndigwira ntchito ya m'magadeni. Pa nkhani ya nkhuni ndiye samalani. Kuno kuli kachikumbu kakang'ono kwambiri, kotalika mamilimita awiri chabe, kanachokera ku Asia, kanapezeka koyamba ku Pietermaritzburg mu 2017. Kamaboola thunthu timabowo tating'ono ngati pobaya ndi bolopeni nkulowetsamo nkhungu yake imene imatseka njira za madzi mumtengo, mtengo nkuuma kuyambira kunsonga. Mitengo ya m'misewu yambiri yatha nako ndipo kotapela nayenso kamamugwira. Chimene chinakafikitsa kutali mpaka ku Cape Town si mapiko ake, ndi anthu onyamula nkhuni pa galimoto. Ndiye malangizo a kuno ndi oti mtengo wogwidwa usachoke pamalo uli zipika, augaye ndi makina pompo, zogayazo aziphimbe ndi pulasitiki pa dzuwa kapena apite nazo kumalo osankhidwa zitaphimbidwa, ndipo tcheniso ndi zikwanje titsuka ndi mankhwala tisanapite pa yadi ina. Bwana wanga akakuona waika chipika mu bhaki kuti ukawotchere nyama kwanu ntchito yatha tsiku lomwelo.

Amake Mapasa: Kuno ndi malodishedingi awa munthu angasiye nkhuni kuti ziphimbidwe ndi pulasitiki? Mtengo usanagwe ndi pansi pomwe azimai tili kale pa mzere ndi zingwe kkkk

Wazaulimi: Kkkk amai zoona, ndipo kuwotcha pompo si koipa, moto umapha zambiri. Choipa ndi kunyamula zipika kupita nazo ku Katete kapena ku Chadiza kwa achibale nkuzisunga miyezi pafupi ndi mitengo yamoyo. Ife a kum'mawa nkhani yotere sitiyenera kuivutikira kumvetsa. Nkhumba ndi nyama yake sizimaloledwa kutuluka mwachisawawa m'chigawo chino chifukwa cha matenda a chigodola, tonse tidziwa kuti pa mlatho wa Luangwa amafunsa, ndipo palibe amene amati nkhumba ndi yanga ndipita nayo kumene ndifuna. Mbande yodwala ndi chipika cha tizilombo ndi chimodzimodzi, kungoti mtengo sulira. Za kutsuka zida a ku Joni akamba nzofunika kwambiri kwa odulira mitengo ndi omezanitsa, Jik wosungunula m'madzi akwanira, mupukute mpeni musanapite pa mtengo wina. Matenda a malalanje aja amayendanso ndi timaso tomezanitsira, ndiye ogula mbande m'mbali mwa msewu muzifunsa kuti anatenga pa mtengo uti.

Mwana wa Amfumu: Zonse mukukambazi ndi za m'tauni. Kumudzi khonsolo siilowa choncho, nthaka ili m'manja mwa mafumu. Mtengo ukavuta pakati pa mudzi anthu apita kwa anyakwawa, iwo aitana nduna zawo nkugamula, ndipo akagamula palibe wokana. Koma pali mitengo ina yoti olo iume bwanji simungaigwire chisawawa, ya kumanda. Kwa ife Achewa msitu wa kumanda uli ndi eni ake ndi mwambo wake, munthu wa ofesi kungolowa ndi penti yofiira kukalemba mitengo kumeneko angabwereko akuthamanga. Ndiye opanga malamulo aziyamba aona mafumu, makamaka madera awa a m'mphepete mwa tauni kumene mapoloti alowerera m'midzi, munthu sudziwa ngati uli kwa khonsolo kapena kwa amfumu.

Wa Njinga: Angabwereko akuthamanga kkkkk ndamvetsa a Mwana wa Amfumu musapitirize

Aphunzitsi Opuma: Mwakumbutsa chinthu. Forests Act ya 2015 ikuti mitengo ya pa malo a mafumu, m'nkhalango za boma ndi pa State Land, ndiye kuti malo a boma, umwini wake uli m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, kufikira utaperekedwa kwa wina motsata lamulo. Oyang'anira ndi a Forestry Department, amene kuyambira mu 2021 ali pansi pa unduna wa Green Economy and Environment.

Landilodi wa ku Kalongwezi: Ndiye kotapela wanga ndi wa a Pulezidenti? Abwere azithirira

Aphunzitsi Opuma: Kkkk ai atate musapite nazo kutali. Pamene lamulo limeneli limaluma ndi pa mitengo ya chilengedwe ya matabwa, mlombwa, mbawa, mukula, ndi pa makala. Mukadula wotere nkukweza matabwa pa galimoto popanda pepala la a Forestry, pa rodibuloko mawu oti unali wodwala sakuthandizani. Ndipo nzomveka, chifukwa akanati aliyense wonena kuti mtengo wadwala adule, mapiri onse ozungulira Chipata bwenzi mitengo yake itadwala usiku umodzi.

Kalipentala wa ku Mchini: Apo ndiye mwalasa. Alipo amene amasenda khungwa kuzungulira thunthu mwakachetechete, kapena kukoleza moto pa tsinde, pakapita miyezi ati onani wauma wokha ndiloleni ndidule. Ife a ntchito ya matabwa timaona, mkombero wa chikwanje subisika. Ndiye woyendera uja akhale munthu wodziwadi mitengo osati wongobwera ndi fayilo.

Mtsikana wa ku Magazine: Funso langa ndi la mitengo ya m'mbali mwa msewu, ija ili kunja kwa fensi. Pafupi ndi kwathu pali wina wouma nthambi zake zili pa mawaya a malaiti, aliyense akuti si wanga. Ndani ayenera kudula?

Aphunzitsi Opuma: Wa kunja kwa poloti suli wanu mwanawe, olo munasesapo zaka zingati. Kauzeni a khonsolo, ndipo poti wakhudza mawaya kauzeninso a ZESCO, iwo ndi amene angazimitse laini kuti ntchito igwirike. Musalole mnyamata aliyense akwere ndi chikwanje pamenepo, olo malaiti atapita, amabwera osalaula.

Wa Njinga: Zoona izi, olo ine amene ndimaseka pa mawaya sindifikapo

Mphunzitsi wa ku Lundazi: Ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Ife pa sukulu tili ndi bulugamu wambiri amene anabzalidwa kale ngati mpanda, masamba ake adzaza tinthu toyera tomata, pansi pamachita kunyata ndipo ina nsonga zatupatupa. Makolo pa miting'i ya PTA agawanika, ena ati tidule tigulitse mapolo, ena ati mphepo idzasasula denga la makalasi. Tichite bwanji?

Wazaulimi: Aphunzitsi tinthu toyerato ndi tinyumba ta tizilombo toyamwa masamba, tinachokera ku Australia kwawo kwa bulugamu, ndipo zotupa za kunsonga ndi kamavu kakang'ono koikira mazira m'nthambi zanthete. Zonsezi zafala kale m'maiko ambiri a kuno kum'mwera, ndiye kudula yanu sikungaziletse, zili kale kwa aneba. Mtengo waukulu nthawi zambiri umapirira, umayoyola masamba nthawi ya chilimwe mvula ikabwera nkuphukanso, zimene zimavutika kwambiri ndi mbande. Itanani a Forestry a pa boma lanu ayende nanu mzere wonse, youmiratu ndi yopendekera ku makalasi ichotsedwe, yotsala isiyeni. Apa mpamene ndimati si matenda onse ofuna nkhwangwa, kudula kumathandiza pamene matenda angofika kumene ndipo ali pa malo ochepa, akafala dziko lonse mumangotaya mthunzi pachabe.

Landilodi wa ku Kalongwezi: Chabwino, ine ndivomera theka. Wowola wopendekera kwa neba udulidwe, ndilibe mawu. Wa matenda opatsirana abwere wodziwa andionetse ndi pepala, osati neba wansanje kungoloza chala. Koma aliyense wobwera ndi tcheniso popanda notisi adzapeza agalu anga ali omasula.

Amake Mapasa: A Landilodi agalu anu aja timawadziwa amathawa ndi nkhuku yomwe kkkk

Admini: Tiyeni tisatuluke mu mutu abale. Ndaona mafunso a malalanje ndi nthochi achuluka ku inibokisi yanga, chonde muziika pompano ndi zithunzi kuti onse aphunzire. Jambulani tsamba pafupi mbali zonse ziwiri, chipatso chodula pakati, ndi mtengo wonse muli chapatali. A Wazaulimi mungatithandize kuyang'ana madzulo?

Wazaulimi: Ndingayang'ane ndikaweruka, koma chithunzi ndi poyambira chabe, sindidzauza munthu kuti dula ndisanaone kapena asanaone anzanga a m'dera lake. Ndipo chonde zithunzi za usiku ndi tochi ai.

Mlamu wa ku Mchinji: Ine ndiika za nthochi za chisaka mawa kuti muzidziwe maonekedwe ake, kuseri kwa nyumba ya achimwene anga zilipo zimene sanazulebe mpaka lero, tikukanganabe.

Sisi wa pa Saturday Market: A Wazaulimi masamba aja ndiike mu pulasitiki kapena mu envulopu? Ndipo ndithyole lero kapena mmawa womwewo popita?

Wazaulimi: Mmawa womwewo asisi, mu pepala kapena envulopu, pulasitiki imachititsa thukuta masamba nkuyamba kuwola musanafike. Muthyole kanthambi konse kokhala ndi masamba odwala ndi abwino, ndipo mukutumule kaye pompo pa mtengo kuti musanyamule tizilombo kupita nato ku ofesi.